Masiku asanu ku Keswick ndi kalasi ya mwana wanga

Lamlungu usiku, Manchester

Chikwama ndachitseka kachitatu, ndipo ndikudziwa kuti ndichitsegulanso kusanache. Mawa 8 koloko kalasi ya mwana wanga ikunyamuka kupita ku Lake District, kumpoto kwa England, kukagona masiku anayi pamalo ena olandira ana asukulu pafupi ndi tauni ya Keswick. Kuno ndi mwambo. Ana a Year 6, kalasi yomaliza ya pulayimale, akalemba mayeso awo mu May amatengedwa ulendo wokagona kutali ndi makolo, kukapalasa mabwato ndi kukwera mapiri. Kwa makolo ambiri ndi nkhani yosayina fomu ndi kulipira. Kwa ife yatenga miyezi isanu ndi iwiri.

Mtsikana wanga ali ndi zaka 11. Anabadwa masiku asanakwane ndipo ali ndi cerebral palsy, vuto la mu ubongo lomwe limakhudza kayendedwe ka thupi. Minofu ya miyendo yake imakungika, makamaka kukazizira, akatopa kapena akadzidzimuka. M'nyumba amayenda pang'ono ndi choyendera chake cha matayala, panja ndiye amakhala pa njinga ya olumala. Posamba, povala ndi pomanga mapulasitiki ogwira akakolo pamafunika munthu. Mutu ndi pakamwa zokha ndiye sizifuna thandizo la aliyense.

Kalata ya ulendowu itabwera mu November, foni yochokera kusukulu inatsatira. Anayankhula mwaulemu ndithu. Akuti mwina sabata imeneyo mwana angakhale ndi a Year 5, kapena amubweretse tsiku limodzi n'kubwerera madzulo. Ndinathokoza, n'kudula foni, n'kukhala pansi m'khitchini mpaka madzi a tiyi anaphwera m'poto.

Chimene chinandibwerera m'mutu si lamulo ayi. Ndi mnyamata wina wa Sitandade 7 kwathu ku Dedza, amene poliyo anamupuwalitsa mwendo. Tsiku lomwe tinakwera lole kupita kunyanja ku Senga Bay, iye anaima pachipata ndi ndodo yake n'kumatibayibitsa. Panalibe amene anamukaniza, chifukwa panalibe amene anamufunsa. Ine ndinaimba nyimbo njira yonse mpaka ku Salima osamuganizirako n'kamodzi komwe. Ndamuganizira kwambiri chaka chino.

Lamulo ndinalifufuza pambuyo pake, ndipo kholo lililonse lili kuno lizidziwe izi. Equality Act ya 2010 imalamula sukulu kukonza zinthu moyenera kuti mwana waulumali asatsalire, ndipo maulendo ali momwemo. Sukulu siyenera kudikira kuti vuto lifike pakhomo, iyenera kuganiziratu. Malangizo a boma okhudza ana omwe ali ndi zovuta za m'thupi, omwe anatsatira lamulo la Children and Families Act la 2014, amanena mosabisa kuti si bwino kutchingira mwana ulendo pokakamiza kholo kuti limuperekeze. Ndinapita kumsonkhano ndi mapepala amenewa pamodzi ndi EHCP yake, chikalata chofotokoza thandizo lomwe amayenera kulandira. Sindinakweze mawu. Kuntchito ndimasamalira okalamba, kotero mapepala ounikira ngozi ndimawadziwa. Tinangokhala pansi n'kuyamba kudutsa tsiku lililonse, ola ndi ola: adzuka bwanji, asamba kuti, chimbudzi chili patali bwanji, moto utabuka usiku atuluka ndi ndani.

Wina pamsonkhanopo anatchula malo a Calvert Trust, omwe ali m'mbali mwa nyanja ya Bassenthwaite kufupi ndi Keswick komweko, omwe akhala akulandira anthu aulumali kuyambira zaka za m'ma 1970. Ndi malo abwino zedi ndipo tidzapitako monga banja. Koma anzake a m'kalasi sakakhala kumeneko. Mwana sakulirira phiri, akulirira kukagona chipinda chimodzi ndi anzake.

Mufunsa kuti nanga inu mukupitiranji poti lamulo likukana. Ndasankha ndekha. Mayi amene amamuthandiza m'kalasi sanayambe amusambitsapo kapena kumuwongola miyendo usiku, ndipo mwana anapempha kuti masiku oyamba ndikhalepo. Ndatenga tchuthi kuntchito, a DBS, bungwe la boma lofufuza mbiri ya anthu ogwira ntchito ndi ana, andifufuza, ndipo ndapatsidwa kachipinda kumapeto kwa khonde. Lamulo la mwini ulendo ndi limodzi: "Amami, m'mawa ndi usiku basi. Masana musandidziwe."

Amayi anga atumiza uthenga wamawu pa WhatsApp kuchokera kumudzi. "Mwana wotereyu mukumupititsa kuthengo, kozizira, kuti akatani? Simungamugulire zimene akufunazo akhale panyumba?" Ndawauza kuti chimene akufunacho sichigulitsidwa m'sitolo. Akhala chete kanthawi, kenaka akuti amupempherera.

Lolemba

Basi inabwera yokhala ndi chikepe, monga tinapanganirana. Izi zokha zinanditsitsa mtima, chifukwa ndinalota katatu konse ikubwera ya masitepe okhaokha. Chikepe chinamukweza pang'onopang'ono ana onse akuyang'ana, iye nkhope gwa, ngati sakuona aliyense. Atalowa anakana kukhala panjinga yomangidwa malamba kumbuyo. Anasamukira pampando wamba pafupi ndi mnzake wapamtima, njinga inamangidwa yokha. Ine ndinakhala kutsogolo ndi aphunzitsi, ndipo sindinacheuke mpaka titadutsa Preston.

Msewu wa M6 ukadutsa Lancaster dziko limasintha. Nyumba zimatha, mapiri obiriwira opanda mitengo amayamba, ndipo paliponse pali mipanda ya miyala yosanjidwa popanda simenti, yokwera mpaka pamwamba pa phiri. Ku Penrith tinakhotera kumadzulo mumsewu wa A66, phiri la Blencathra lili kudzanja lamanja, mutu wake uli m'mitambo. Kunali kachiperoni kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Ndinangoti apa ndiye pa Dedza mu June, kusiyana kwake n'kwakuti kuno akuti ino ndi nyengo yotentha.

Nkhondo yaikulu ya miyezi yapitayi inali ya chipinda. Zipinda za atsikana pamalowa zili m'mwamba ndipo kulibe chikepe. Pansi pali chipinda chimodzi chokhala ndi bafa lopanda chopunthwitsa pakhomo, mpando wosambira ndi zitsulo zogwirira. Poyamba anati agona momwemo ndi ine. Ndinakana. Kumuika mwana wa zaka 11 m'chipinda ndi mayi ake, anzake akunong'onezana m'mwamba, n'chimodzimodzi kumusiya ku Manchester. Ndinapempha kuti atsitse mabedi. Lero nditalowa ndinapeza mabedi awiri osanjikiza, atsikana atatu akukanganirana ogona pamwamba, iye atatenga kale la pansi pafupi ndi windo. Sanandiyang'ane n'komwe.

Madzulo kunali kuyeserera kuthawa moto. Ndinawachenjeza kale kuti phokoso ladzidzidzi limamuumitsa thupi lonse, miyendo n'kuwongoka ngati matabwa, moti kumukhazika panjinga kumavuta. Anamuuziratu mphindi zisanu belu lisanalire, ndipo aphunzitsi awiri omwe analembedwa kuti ndiwo omutulutsa anachita zonse ine nditaima patali. Zinatenga nthawi, koma anatuluka khomo lomwelo limene anatulukira anzake.

Panopa ndi 10 koloko usiku ndipo kunja kukuonekabe. Ndamuwongola miyendo, wamwa mankhwala ake a baclofen, ofewetsa minofu, omwe aphunzitsi akusunga m'kabati yokhoma n'kumalemba m'buku akamupatsa. Pochoka ndinafuna kumupsompsona pachipumi, anandikankha pang'ono ndi chigongono. Kudzera pakhoma ndikumva kuseka kwa anthu anayi. Kwake ndikukuzindikira.

Lachiwiri

Ndinadzuka 6 koloko. Kumukonzekeretsa kumatenga pafupifupi ola, ndiye timayamba anzake ali m'tulo kuti onse akafike limodzi pachakudya cha m'mawa. Mayi womuthandiza uja anaima pambali n'kumaonerera mmene ndimapindira bondo kaye ndisanalowetse phazi m'pulasitiki, ndi mmene chidendene chimayenera kukhalira pansi penipeni lamba asanamangidwe. Mwendo wachiwiri anamanga ndi iwo. Manja awo ankanjenjemera, koma anamanga bwino.

Kenaka ndinachotsedwa ntchito mpaka madzulo. Ndinayenda wapansi kulowa m'tauni. Keswick ndi kakang'ono, nyumba zake za miyala yotuwa, masitolo ambiri ogulitsa majombo ndi marenikoti. Ndinalowa m'nyumba yosungiramo mbiri ya mapensulo, poti m'chigwa cha Borrowdale chapafupi ndi momwe anapeza mwala wakuda wa graphite zaka za m'ma 1500, ndipo abusa ankaugwiritsa ntchito polemba zizindikiro pa nkhosa zawo mapensulo asanayambe. Ndinagula pensulo ziwiri, ina ya mwana, ina ya agogo ake. Koma mtima sunali pamenepo. Ndinkadziwa kuti 10 koloko akulowa m'madzi.

Kuchokera m'tauni pali njira yosalala yotsata gombe la nyanja ya Derwentwater mpaka pa kamtunda kotchedwa Friar's Crag. Ndi imodzi mwa njira zomwe oyang'anira dera lino amazitcha Miles without Stiles, kutanthauza zopanda makwerero odumphira mipanda, zoti njinga ya olumala kapena ya mwana n'kudutsa. Pamenepo pali benchi, ndipo nyanja yonse imaoneka. Kwa ife obadwira kufupi ndi nyanja ya Malawi, iyi ndi dziwe: m'litali siyikwana makilomita 5, ndipo pozama kwambiri ndi mamita 22. Koma kukongola kwake sindingakutsutse. Mapiri aizungulira ngati anthu okhala pabwalo, ndipo madzi anali bata, akuda bii.

Mabwato anatulukira chakumanja. Anawamanga awiriawiri ndi mitengo yopingasa kuti asagubuduzike, ndipo anachita zimenezi kwa mabwato onse, osati lake lokha. Amene anaganiza zimenezo Mulungu amudalitse. Patali choncho ana onse anali ofanana, zisoti zofiira, majekete oyandamitsa, nkhafi zikumenya madzi mosagwirizana. Ndinayesetsa kumuzindikira, ndinalephera. Zaka 11 ndakhala ndikumupeza msanga pagulu lililonse chifukwa cha njinga. Lero ndinamusowa. Mayi wina wokalamba amene anakhala pambali panga ndi galu wake anandipatsa kapepala kopukutira m'maso osandifunsa kanthu.

Nkhani zonse ndazimva madzulo. Akuti pagombe matayala anatitimira m'timiyala, mpaka alangizi anayala mphasa zamphira. M'bwato anamuikira mpando wokhala ndi chotsamira. Anakocheza pachilumba cha St Herbert, chachikulu pa zonse m'nyanjayi, pomwe munthu wina wa Mulungu wa dzina limenelo ankakhala yekha m'zaka za m'ma 600. Iye sanatsike, koma awiri anatsala naye m'bwato n'kumaponya miyala m'madzi.

Chandidetsa nkhawa n'chimodzi. Potsuka botolo lake lamadzi ndalipeza lodzaza monga ndinalithirira m'mawa. Nditamufunsa anayang'ana kumbali. "Pachilumba palibe chimbudzi, Amami. Sindinafune kuti onse abwerere chifukwa cha ine." Tsiku lonse osamwa kanthu. Makolo a ana ngati wanga, yang'anani botolo. Ana athu amaphunzira msanga kudzimana kuti asavutitse anthu, ndipo sanena. Ndayankhula ndi aphunzitsi, ndipo kuyambira mawa gulu lonse liziima pachimbudzi nthawi zoikika, kaya wina wapempha kaya ayi. Kiyi wa Radar, wotsegulira zimbudzi za olumala m'dziko muno, ndamuchotsa m'chikwama changa n'kumupachika pakhosi pake.

Lachitatu

Lero linali tsiku lowawa, ndipo ndilemba monga linalili.

Pandandanda panali masewero omwe ana amawakonda kuposa onse: kukwera mtsinje wa m'phiri, kuyenda m'madzi momwemo, kukwawa pamiyala yoterera, kudumphira m'maiwe. Tinagwirizana kalekale kuti izi sangathe, ndipo iye anavomera. Mmalo mwake anati asankhe anzake awiri apite naye panjira ya njanji yakale yochokera ku Keswick kupita ku Threlkeld. Papepala zinkaoneka bwino. Ine ndemwe ndinasayina.

M'mawa, ena akuvala zovala zamphira zolowera m'madzi n'kumakuwa ndi chisangalalo, mmodzi mwa awiri aja anayamba kulira. Amafuna kumtsinje. Winayo anangoti zyoli, osanena kanthu, koma nkhope inkanena. Mwana wanga anawayang'ana n'kunena kuti, "Pitani nonse, ine ndili bwino." Atatuluka anatembenuzira njinga kukhoma. Aphunzitsi anabwera kudzandigogodera.

Sindikuwaimba mlandu atsikana aja. Ndi ana a zaka 11, ndipo akhala akudikira mtsinje umenewu chaka chonse. Cholakwa chinali chathu akuluakulu. Tinasandutsa ubwenzi kukhala msonkho, kuti amene akukonda mnzake alipire ndi chinthu chimene amachilakalaka. Mwana wanga anaona zimenezo msanga kuposa ife, ndipo n'zimene zinamuliza, osati mtsinje.

Ndinakhala naye pansi pafupi theka la ola. Sindinamuuze kuti zilibe kanthu, chifukwa zinali ndi kanthu. Anandifunsa m'Chichewa chake chothyokathyoka chija, chimene amachitulutsa akafuna kuti ena asamve: "Chifukwa chiyani nthawi zonse ine?" Ndinalibe yankho, ndinangomugwira dzanja.

Aphunzitsi a kalasi, bambo wachinyamata amene ndinkamukayikira poyamba, ndiwo anakonza zinthu. Anapita kukayankhula ndi alangizi, n'kubwera ndi ndondomeko ina. Kalasi anaigawa pawiri. Gulu loyamba kumtsinje m'mawa, lachiwiri kunjanji ndi mapu ndi mafunso oti likayankhe m'njira, masana n'kusinthana. Motero palibe amene anataya mtsinje, ndipo iye anapita kunjanji ndi ana khumi ndi anayi, osati awiri omumvera chisoni. Zinali zosavuta chotere, ndipo tonse sitinaziganize m'miyezi isanu ndi iwiri.

Anandilola kutsatira patali. Njirayi ndi ya makilomita 5, ya phula, yotsata mtsinje wa Greta m'chigwa cha mitengo. Sitima inasiya kudutsa kuno mu 1972. Mu December 2015 chimvula cha Storm Desmond chinakokolola milatho iwiri, ndipo njira inatsegulidwanso mu December 2020 itakonzedwa kuti aliyense adutse. Pali ngalande yoboola phiri, ndipo ana atalowamo anayamba kukuwa kuti amve mawu awo akubwerera. Paphula iye ndiye anali wothamanga kuposa onse. Anyamata awiri anamuthamangira mpaka kupuma mwawefuwefu.

Masana gulu lake likupita kumtsinje, ananena kuti akufuna madzi amukhudze basi. Mlangizi wina, mtsikana wa kuno komweko, anati kumunsi komwe ana amatulukira kuli kadziwe kosaya kofikika ndi galimoto. Anandifunsa maganizo. Ndinadziwa chimene madzi ozizira adzachite ndi miyendo yake. Ndinamuuza iye mwini, pamaso pa onse, kuti usiku udzakhala wowawa. Anati akudziwa. Anamuveka chovala champhira, ntchito ya anthu atatu, n'kumukhazika pamwala madzi akumufika m'chiuno. Anzake potsika anamupeza ali momwemo, ndipo anawathira madzi kumaso mmodzimmodzi. Mphindi khumi zokha, milomo inachita kuda, mano akugundana, akuseka.

Tsopano ndi 1 koloko usiku. Miyendo inakungika monga ndinanenera. Ndakhala ndikuisisita ndi botolo la madzi otentha, mwakachetechete kuti ena asadzuke, ngakhale mmodzi anadzuka n'kundigwirira tochi. Ndinatumizira amayi chithunzi cha kadziwe kaja pamodzi ndi nkhani ya usikuwu. Ayankha pompano, kaya akutani maso nthawi ino: "Walira mvula walira matope. Koma taonani mano onsewo ali pamtunda. Musisiteni, agona."

Lachinayi

Anadzuka wotopa koma miyendo itamasuka. Mayi womuthandiza anachita zonse okha, ine nditakhala pabedi manja ali pamiyendo. Kukhala osathandiza n'kovuta kuposa kuthandiza.

Lero linali la phiri. Zaka zonse sukuluyi imakwera Catbells, phiri la mamita 451 kutsidya kwa nyanja, lomwe pena pamafunika kukwawa ndi manja. Chaka chino anasankha Latrigg, la mamita 368, lomwe lili pamwamba pa tauni penipeni, chifukwa kuchokera pomwe magalimoto amaima kumapeto kwa Gale Road pali njira yopanda makwerero yofika pamalo oonera. Ndinamva kuti makolo ena anadandaula kuti ana awo achepetsedwera phiri chifukwa cha mwana mmodzi. Zinandipweteka nditamva mu March. Lero ndikanakonda akanabwera kudzaona ngati pali mwana amene anatsika akuti wachepetsedwa.

Pachakudya cha m'mawa anandiitana ndi chala. "Lero mubwere. Koma kumbuyo."

Njirayo ndi ya timiyala, ndipo ngakhale ilibe makwerero, pena ndi yokwera ndithu. Kutsogolo kwa njinga anamangirira tayala lalikulu lachitatu kuti timatayala tating'ono tisamakodwe, ndi zingwe ziwiri zoti ana azikoka mosinthana, wamkulu mmodzi akukankha kumbuyo. Poyamba zinali chisangalalo, aliyense akulimbirana chingwe. Titayenda pang'ono ndinaona nkhope yake ikugwa. Anakweza dzanja, onse anaima. Anati sakufuna kukokedwa ngati thumba la chimanga pangolo. Mawu a ngolo ndi anga, iye ananena m'Chingerezi za katundu, koma tanthauzo ndi lomwelo. Mlangizi sanatsutse. Anatulutsa mapu ndi kampasi m'thumba n'kumupatsa, nati kuyambira pano wotsogolera ndi iwe: unene pokhota, popuma, ndi oti agwire chingwe. Kuchokera pamenepo mawu ake ankamveka phiri lonse. Anapumitsa gulu kawiri kuti aliyense amwe madzi, iyenso anamwa.

Nkhosa za kuno, za mtundu wa Herdwick, zinkangotiyang'ana. Ana ake amabadwa akuda, akamakula n'kumatuwa, nkhope n'kuyera. Sizithawa anthu.

Pamwamba pali benchi loyang'ana kummwera. Keswick yense ali pansi pa mapazi, madenga otuwa, kenaka Derwentwater ndi zilumba zake, Catbells kutsidya, ndi chigwa cha Borrowdale chikulowa pakati pa mapiri. Kumbuyo kwathu kunali Skiddaw, wa mamita 931, wakuda ndi mthunzi wa mitambo. Mphepo inali ngati mwera. Iye anaonetsa anzake chilumba chomwe anafikako Lachiwiri, n'kuchipezanso pamapu.

Ine ndinakulira m'tsinde mwa phiri la Dedza, lomwe ndi la mamita 2,198, ndipo tinkakwerako kukatola nkhuni osaliyesa kanthu. Chibadwire cha mwanayu ndinali nditavomereza mumtima, osauza munthu, kuti sadzaona dziko kuchokera pamwamba pa phiri. Ndinaima patali monga analamulira. Patapita nthawi anacheuka, n'kundifunafuna ndi maso, n'kundikodola. Nditafika anangoti, "Jambulani." Ndinajambula. Kenaka anati, "Ayi, tonse awiri," n'kupereka foni kwa aphunzitsi.

Kutsika kunavuta kuposa kukwera, ndipo amene mukukonza ulendo wotere muziganizire zimenezi. Zingwe anazisamutsira kumbuyo kuti zikhale mabuleki, akuluakulu awiri atagwira, ndipo pena anatsika chobwerera m'mbuyo. Mapewa a aphunzitsi aja mawa adzawauza.

Usiku anakoleza moto panja. Ana amawotcha maswiti ofewa oyera aja pa timitengo, ine n'kumalakalaka chimanga chachiwisi. Tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu tinatiluma m'mutu ndi m'makutu mpaka tonse tinathawira ku utsi. Nthawi yogona itakwana ndinanyamuka kuti ndikayambe ntchito yanga. Anandigwira mkono. "Lero achita ndi a Miss. Mukagone."

Ndili m'kachipinda kanga, chitseko ndasiya chotsegula pang'ono. Padutsa maola awiri. Palibe wagogoda.

Lachisanu

Mvula yeniyeni yagwa lero, tsiku lonyamuka. Ana anakolopa zipinda, kusaka masokosi otayika, n'kulandira aliyense kapepala komuyamikira. Pake analembapo za kutsogolera gulu paphiri. Ndinaopa kuti alemba za kulimba mtima, mawu amene anthu amakonda kumupatsa ngakhale akungodya buledi, koma ayi.

Tisanakwere basi ndinakhala ndi aphunzitsi ndi mayi womuthandiza, tinalemba zomwe taphunzira kuti zipite kusukulu ya sekondale yomwe akuyamba mu September: nthawi zoikika za chimbudzi, magulu osinthana mmalo mosankhitsa anzake, ola la m'mawa, botolo la madzi otentha, zingwe potsika. Mayi aja anawonjezera mzere wawo pansi, kuti munthu mmodzi wophunzitsidwa akhoza kuchita za usiku popanda kholo.

M'basi anagona tisanafike ku Penrith, mutu uli paphewa la mtsikana yemwe analira Lachitatu uja.

Tafika 4 koloko. Bambo ake anali pachipata cha sukulu ndi ambulera, ndipo anawafotokozera zonse nthawi imodzi, mosatsata ndondomeko, kuyambira kadziwe. Zovala zonse zikununkha utsi ndi matope, matayala a njinga ndawatsuka ndi burashi pakhonde. M'thumba la renikoti ndapezamo mwala wosalala ndi mapu onyowa, opindidwa kanayi.

Madzulo tinaimbira kumudzi. Anawalonjera agogo ake bwinobwino monga ndinamuphunzitsira, kenaka anati, "Agogo, ndinakwera phiri."

"Phiri? Anakubereka ndani kumsana, mdzukulu wanga?"

"Palibe. Anandikoka ndi chingwe. Ine ndinagwira mapu."

Amayi anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana anthu a nyumba yoyandikana nayo kuti adzamve okha. Kenaka anamufunsa ngati adzakwere la Dedza akadzabwera. Iye anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati kumeneko kuli msewu wofika pamwamba. Ndinamuuza kuti ulipo wafumbi, wopita kunsanja za mawailesi. Anati ndimupezere mapu ake.